Mtengo Woonekera pa Windo: Zimene Chilengedwe Chimachita mu Mtima wa Munthu Wovutika

Madzulo ena chakumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, akaidi a pamsasa wina wa chipani cha Nazi m'chigawo cha Bavaria ku Germany anali atakhala pansi m'chisakasa chawo, atatheratu ndi ntchito ya kalavulagaga, mbale za msuzi zili m'manja, pamene mnzawo wina analowa akuthamanga n'kuwauza kuti atuluke msanga akaone mmene dzuwa likulowera. Anthu amene anali atangotsala mafupa okhaokhawo anadzuka, anatuluka, naima duu pabwalo lamatope maso ali kumadzulo, kumene mitambo inali kusanduka yofiira ngati magazi, kuwala kwake kukunyezimiranso m'zithaphwi za pabwalopo. Patapita kanthawi palibe wolankhula, mmodzi anauza mnzake kuti dzikoli likanatha kukhala lokongola zedi. Amene anatisungira nkhaniyi ndi Viktor Frankl, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Vienna, yemwe anapulumuka m'misasayo koma mkazi wake, makolo ake ndi mchimwene wake anafera konko. Anailemba m'buku lake la 1946.

Nkhani ngati imeneyi imautsa funso limene anthu ambiri amakhala nalo mumtima koma salitulutsa. Kodi munthu amene wasowa mtengo wogwira amapezamo chiyani m'kufiira kwa mitambo, zimene sangadye kapena kufunda? Pali ena amene amati kumeneko n'kudzinamiza chabe, kutseka maso kuti usaone zimene zikuchitika. Palinso ena amene amachita manyazi akazindikira kuti akukondwera ndi kulira kwa mbalame pamene wailesi yangolengeza kumene za nkhondo, njala ndi anthu othawa kwawo, amene bungwe la United Nations loona za othawa kwawo la UNHCR linanena mu 2024 kuti apitirira 120 miliyoni. Amaona ngati kusangalala ndi duwa pa nthawi yotere n'kunyoza amene akulira.

Moyo wa Rosa Luxemburg umayankha bwino maganizo amenewa. Mayiyu, yemwe anali wandale wotsutsa nkhondo ku Germany, anatha mbali yaikulu ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse ali m'ndende, ku Wronke ndi ku Breslau mwa malo ena. Ali m'ndendemo ankaumitsa masamba ndi maluwa n'kumawamata m'makope, ankadyetsa timbalame tobwera pawindo, ndipo makalata ake opita kwa mnzake Sophie Liebknecht ndi odzaza ndi nkhani za mitambo, tizilombo ndi nyimbo za mbalame. Wina angaganize kuti munthu wotereyu anali atatembenuzira msana mavuto a anthu. Koma mu Disembala 1917 analemba za njati zoweta zimene asilikali analanda ku Romania n'kumazikoketsa ngolo, ndipo anafotokoza mmene msilikali wina anamenyera imodzi mpaka chikopa chinang'ambika n'kuyamba kuchucha magazi. Iye anaima pafupi ndi nyamayo, inamuyang'ana, ndipo misozi inatsika m'masaya mwake. Diso lomwe lija limene linaphunzira kuyang'anitsitsa tsamba ndi limene linaona ululu wa njati pamene ena onse ankangodutsa. Atatuluka m'ndende mu Novembala 1918 anabwerera ku ndale mwachangu, ndipo anaphedwa pa 15 Januwale 1919.

Ndikamaika nkhani ziwirizi pamodzi ndimaona chinthu chimodzi chimene chikuzigwirizanitsa. Wozunza amafuna kuti wozunzidwa akhulupirire kuti palibenso china chilichonse kunja kwa mphamvu zake: ndiye amalamula nthawi yodzuka, chakudya, ntchito, ngakhale dzina, poti kumsasa wa chipani cha Nazi wa Auschwitz munthu ankasanduka nambala yodindidwa pamkono. Matenda aakulu, maliro ndi umphawi wadzaoneni zimachitanso chimodzimodzi, zimapanikiza dziko lonse la munthu kuti likwane m'vuto limodzi lokhalo. Tsono dzuwa likamalowa pa nthawi yake, kapena mbalame ikamamanga chisa pakhoma la ndende osapempha chilolezo kwa mlonda, zimakhala umboni wooneka ndi maso wakuti pali zinthu zimene wozunzayo sanazigwire m'manja. Chitonthozo choyamba chimene chilengedwe chimapereka n'chimenechi, ndipo sichifuna kuti munthu akhale wophunzira kapena wopemphera kuti achilandire.

Asayansi nawo akhala akuyesa kupima zimene olemba ndakatulo ankangozinena. Kafukufuku amene amatchulidwa kawirikawiri ndi wa Roger Ulrich, wofalitsidwa mu 1984 m'magazini ya Science. Iye anatenga mafayilo a odwala 46 amene anachitidwa opaleshoni ya ndulu pachipatala china ku Pennsylvania m'dziko la America pakati pa 1972 ndi 1981. Zipinda zawo zinali zofanana, kusiyana kwake kunali pawindo pokha: theka la odwalawo ankaona mitengo, theka linalo ankaona khoma la njerwa. Amene ankaona mitengo anatuluka m'chipatala msanga ndi pafupifupi tsiku limodzi, anamwa mankhwala amphamvu opha ululu ochepa, ndipo anamwino sanalembe madandaulo ambiri onena za iwo. Anthu 46 ndi ochepa, ndipo si nzeru kumanga nyumba yaikulu pamaziko aang'ono chotere, komabe kafukufukuyu anachititsa kuti omanga zipatala ayambe kuganizira za mawindo ndi minda ya maluwa monga mbali ya chithandizo.

Chimene chimachitika m'mutu mwa munthu chinafotokozedwa bwino ndi Rachel ndi Stephen Kaplan a pa yunivesite ya Michigan chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Iwo anati munthu ali ndi njira ziwiri zoikira maganizo pa chinthu. Yoyamba ndi yochita kudzikakamiza, monga powerengera ndalama zimene sizikukwana, poyendetsa galimoto pamsewu wodzaza, kapena podikirira uthenga wa dokotala. Njira imeneyi imatopetsa, ndipo ikatopa munthu amakhala wamtima wapachala, woiwalaiwala ndi wolephera kusankha chochita. Yachiwiri ndi imene imabwera yokha, pamene chinthu chakopa maso mofatsa popanda kukukakamiza kuti uchitepo kanthu: madzi oyenda pamiyala, masamba ogwedezeka ndi mphepo, malawi a moto, mitambo. Pamene maso ali pa zinthu zoterezi, njira yoyamba ija imapeza mpata wopuma. Apa m'pamene pali kusiyana pakati pa mtsinje ndi foni ya m'manja. Zonse ziwiri zimakopa maso, koma foni imakopa mokuwa, nkhani yoopsa ina pambuyo pa inzake, ndipo munthu amaisiya ali wotopa kuposa mmene anaitolera.

Pali vuto lina limene aliyense amene anagonapo usiku tulo osabwera amalidziwa, la maganizo ongozungulira pamodzimodzi ngati ng'ombe yobzikula, kubwereza cholakwa chomwecho ndi mantha omwewo popanda kufika pa yankho. Akatswiri amati chizolowezi chimenechi chimayendera limodzi ndi matenda a nkhawa ndi kukhumudwa. Mu 2015 Gregory Bratman ndi anzake a pa yunivesite ya Stanford anatuma anthu ena kukayenda kwa mphindi 90 m'dera la udzu ndi mitengo, ena m'mbali mwa msewu waukulu wa magalimoto. Oyenda m'tchirewo anabwerako maganizo obwerezabwereza aja atachepa, ndipo makina ojambula ubongo anaonetsa kuti kachigawo kamene kamatanganidwa pa nthawi ya maganizo oterewa kanali katadekha, zimene sizinachitike mwa oyenda pamsewu. M'chaka chomwecho Paul Piff ndi anzake anafalitsa zimene anapeza ataimika ophunzira a pa yunivesite ya ku Berkeley pansi pa mitengo italiitali ya bulugamu kuti ayang'ane m'mwamba kwa mphindi imodzi yokha, pamene ena ankayang'ana nyumba yaitali. Kenaka munthu wina anagwetsa zolembera ngati mwangozi, ndipo amene ankayang'ana mitengo aja anamutolera zambiri kuposa anzawo. Zikuoneka kuti munthu akaima pafupi ndi chinthu chachikulu kuposa iye amadzichepera mumtima mwa njira yabwino, ndipo malo amene kudziganizira kwasiya amalowamo anthu ena.

Ku Japan boma linayamba kulimbikitsa anthu kukacheza m'nkhalango mu 1982, pansi pa dzina lakuti shinrin-yoku, kutanthauza kusamba m'mpweya wa nkhalango. Kafukufuku wina wa mu 2019, wa anthu pafupifupi 20,000 ku England, anapeza kuti amene ankakhala m'malo achilengedwe kwa mphindi 120 kapena kuposerapo pa sabata ndi amene ankanena kwambiri kuti ali ndi thanzi labwino. Manambala oterewa ndi ofunika kuwamva mosamala, chifukwa n'kutheka kuti athanzi ndi amene amatha kutuluka kukayenda, osati kuti kuyendako ndiye kwawapatsa thanzi. Ndipo munthu amene akudwala matenda aakulu a maganizo afunika dokotala, mankhwala ndi abale omusamala. Kumuuza kuti angopita kukayang'ana mitengo n'kumuchitira nkhanza.

Chimene manambalawa sanena n'chakuti kukhala m'tchire ndi kuona tchire ndi zinthu ziwiri zosiyana. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambiwu ndi woona ngakhale pongoutenga momwe ulili. Munthu akagwada pafupi ndi nkhono imayamba yalowa m'chigoba, ndipo wopupuluma amachoka poganiza kuti palibe choona. Wodikira amaona kamutu kakutuluka pang'onopang'ono, kenaka tinyanga tiwiri titalititali tikufunyululuka ngati chala cha sokosi chimene chikutembenuzidwa, ndipo kunsonga kwa kalikonse kuli kadontho kakuda, komwe ndi diso. Ukayandikitsa chala, kanyangako kamabwerera m'kati, kenaka kamatulukanso kudzayesa kachiwiri. Zonsezi zimatenga mphindi zitatu kapena zinayi, ndipo m'mphindi zimenezo ngongole, matenda ndi mkangano wa dzulo zimakhala zitatsika pamapewa. Sizinathe ayi, ukaimirira uzisenzanso, koma wazisenza utapumako, ndipo wonyamula katundu aliyense amadziwa phindu la kutula pang'ono panjira.

Komabe tisadzinamize kuti chilengedwe ndi mayi wachifundo. Charles Darwin, m'kalata yake ya mu 1860 yopita kwa katswiri wa zomera Asa Gray, anadandaula za mavu ena amene amaikira mazira m'thupi mwa mbozi yamoyo kuti ana awo akaswa aidye kuchokera m'kati, ndipo anati chinthu chimenechi chinkamuvuta kuchigwirizanitsa ndi chikhulupiriro cha Mlengi wachifundo. Nyanja yomweyo imene anthu amakhala m'mbali mwake kuti mtima ukhale pansi ndi imene pa 26 Disembala 2004 inatuluka n'kupha anthu pafupifupi 230,000 m'mayiko ozungulira nyanja ya Indian. Udzudzu wofalitsa malungo ndi mbali ya chilengedwe chimodzimodzi ndi gulugufe. Walira mvula walira matope. Amene amalalikira kuti chilengedwe chimatikonda nthawi zambiri amakhala akuchionera m'nyumba yolimba, nkhokwe ili yodzaza, ndipo mlimi amene mbewu zake zapserera ndi ng'amba sangamve kukoma thambo lopanda mtambo ngakhale litakongola chotani.

Ine ndimaona kuti kusatisamala kwa chilengedwe kumeneku ndi kumene kuli gwero la mantha ndi chitonthozo chomwe. Chikanakhala kuti chimalira tikamalira, bwenzi tsiku la maliro dzuwa osatuluka, ndipo bwenzi chisoni chathu chitadzaza thambo lonse popanda pothawira. Anamfedwa ambiri amakwiya m'masiku oyambirira akamva mbalame zikuimba ngati palibe chachitika. Koma pakapita miyezi, kuimba komweko kumasanduka uthenga wina, wakuti moyo unali kuyendabe nthawi yonseyi ndipo khomo lobwererako silinatsekedwe.

Malo amene anthu anawawononga kwambiri amaonetsa zimenezi poyera. Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, minda ya ku Flanders m'dziko la Belgium inagumulidwa ndi mabomba mpaka kusanduka matope ndi manda, koma mu 1915 munamera maluwa ofiira otchedwa poppy ochuluka zedi. Chifukwa chake si chozizwitsa: njere za duwali zimatha kukhala m'nthaka kwa zaka zambiri zili gone, ndipo zimamera nthaka ikatembenuzidwa n'kuziika poyera pamene pali kuwala. Mabomba anagwira ntchito ya khasu. Ku Hiroshima, bomba la nyukiliya litaphulika pa 6 Ogasiti 1945, mphekesera inafala yakuti m'mzindawo simudzameranso kanthu kwa zaka 70 kapena kuposerapo. Koma mitengo pafupifupi 170 ya m'dera la makilomita awiri kuchokera pamene bombalo linaphulikira inapulumuka, ina itapsa mbali imodzi, ina itatsala chitsa chokha chimene chinaphukanso. Pakati pake pali mitengo ya ginkgo imene ilipo mpaka lero, zipsera za moto zikuonekabe pamakungwa, ndipo njere zake zimatumizidwa kukabzalidwa m'mayiko ena. Duwa la oleander, limene linali m'gulu la oyamba kuphuka m'phulusalo, linasankhidwa kukhala duwa la mzindawo.

Nkhani ya Chernobyl ndi yowawa mwa njira ina. Ngozi ya pa 26 Epulo 1986 itachitika pamalo opangira magetsi a nyukiliya a kumeneko, ku Ukraine, anthu oposa 100,000 anasamutsidwa m'dera la makilomita 30 kuzungulira malowo. Lero m'midzi yosiyidwayo muli nkhalango, mimbulu, nguluwe ndi akavalo am'tchire amene anabweretsedwamo mu 1998. Izi sizitanthauza kuti poizoni wa nyukiliya ndi wabwino kwa nyama, koma kuti kwa nyama zambiri zikuluzikulu, kukhala pafupi ndi munthu ndi mfuti yake, msampha wake ndi khasu lake n'koopsa kuposa poizoniyo. Amene akufuna kupeza chiyembekezo m'nkhalango ya Chernobyl ayenera kumezanso mfundo imeneyi.

Ndipo apa tafika pa vuto limene Frankl ndi Luxemburg sanakumane nalo monga mmene ife tikukumanirana nalo. Kwa iwo chilengedwe chinali thanthwe losagwedezeka pamene anthu achita misala, koma m'nthawi yathu thanthwelo nalo likugumuka. Lipoti la 2024 la bungwe loteteza zachilengedwe la WWF linanena kuti magulu a nyama zamsana amene asayansi amawawerenga anachepa ndi 73 peresenti pa avereji pakati pa 1970 ndi 2020, ndipo lipoti la 2019 la IPBES, bungwe la mayiko ambiri lofufuza za zamoyo, linati mitundu ya zomera ndi nyama pafupifupi 1 miliyoni ili pangozi yotheratu. Katswiri wa ku Australia, Glenn Albrecht, anapeka mawu akuti solastalgia pofotokoza chisoni cha munthu amene akupukwa kwawo ali kwawo komweko, chifukwa phiri limene anakulira pansi pake lakumbidwa kapena mtsinje umene ankasambamo wauma. Motero munthu amene waphunzira kuyang'anitsitsa ndi amenenso amayamba kuona zimene zikusowa, ndipo mankhwala ake a chisoni amasanduka chisoni china.

Chimene chimaletsa kuti izi zifike pa kutaya mtima n'chakuti zamoyo zikapatsidwa mpata zimabwerera mofulumira modabwitsa. Anamgumi a linunda a kum'mwera chakumadzulo kwa nyanja ya Atlantic anaphedwa mpaka kutsala pafupifupi 450 m'zaka za m'ma 1950, koma kusaka kutaletsedwa anachulukanso, ndipo kafukufuku wa mu 2019 anawawerengera pa 25,000. Apa chiyembekezo sichinachite kugwa kuchokera kumwamba, chinabwera chifukwa anthu anakangana, anapanga malamulo n'kuwatsatira. Wangari Maathai anayambitsa gulu la Green Belt Movement ku Kenya mu 1977 pophunzitsa amayi akumidzi kufesa ndi kubzala mitengo, anamenyedwa ndi kumangidwa chifukwa choteteza nkhalango, ndipo mu 2004 analandira mphoto ya mtendere ya Nobel.

Kugwira dothi ndi manja kumapereka chinthu chimene kungoyang'ana sikungapereke. Nelson Mandela anali ndi kadimba m'bwalo la ndende ya Robben Island, ndipo atasamutsidwira ku Pollsmoor mu 1982, kumene kunali konkire yekhayekha, anapempha migolo 16 ya mafuta imene inadulidwa pakati n'kukhala miphika 32 yodzazamo dothi. M'migolomo analimamo tomato, anyezi, kabichi, sipinachi ndi zina, mpaka mbewu zake zinafika pafupifupi 900, ndipo zokolola ankagawira akaidi anzake ndi alonda omwe. Munthu amene analamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse alibe chifukwa chowerengera masiku, koma mbewu imamukakamiza kuwerenga: lero ndafesa, pakatha sabata imera, mwezi wamawa ichita maluwa. Wofesa amakhala atalonjeza kuti mawa adzabwera kudzathirira, ndipo lonjezo laling'ono limenelo limamubwezera tsogolo limene oweruza anamulanda. Ndikuganiza kuti pamenepa m'pamene kukongola kumasiyana ndi chiyembekezo. Kukongola kumamupeza munthu ali chikhalire, pamene chiyembekezo chimafuna kuti adzuke ndi chitini cha madzi.

Komabe kubwerera kwa chilengedwe sikufafaniza zimene zinachitika, ndipo malo osungirako nyama a Gorongosa ku Mozambique ndi chitsanzo chabwino. Pa nkhondo yapachiweniweni ya 1977 mpaka 1992, asilikali a mbali zonse ziwiri anapha nyama pofuna ndiwo ndi minyanga yogulira zida, moti nyama zikuluzikulu zinachepa ndi 90 peresenti kapena kuposerapo. Boma la Mozambique linachita mgwirizano ndi bungwe la Greg Carr, munthu wachuma wa ku America, mu 2008 kuti malowa akonzedwenso, ndipo pofika mu 2018 owerenga ali m'ndege anapeza nyama zikuluzikulu zoposa 100,000, zambiri mwa izo anakodzwe odzaza m'madambo. Koma amene amayang'anitsitsa njovu za kumeneko amaona chinthu chachilendo. Nkhondo isanayambe, njovu zazikazi zosakwana imodzi mwa zisanu zilizonse zinali zopanda minyanga. Pakati pa zimene zinapulumuka, theka linali lopanda minyanga, chifukwa osaka sankataya chipolopolo pa njovu yopanda chogulitsa. Kafukufuku wotsogozedwa ndi Shane Campbell-Staton, wofalitsidwa mu 2021, anaonetsa kuti chibadwa chimenechi chikupitirira kwa ana aakazi, ndiponso kuti chikagwera mwana wamwamuna chimamupha asanabadwe. Njovu zazikazi zakale za ku Gorongosa zimadziwikanso ndi ukali, zimathamangitsa magalimoto ngakhale patapita zaka zambiri mfuti zitaleka kulira, ndipo pambuyo pawo pamatsatira ana amene sanamvepo kulira kwa mfuti, ena a iwo nkhope zili zosalala pamalo pamene panayenera kumera minyanga.